Mizu Yolendewera

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinakumba pansi,
mu mgodi wa mkuwa kumtunda kwa Calama.
Dothi ndimalidziwa: lili m'mapapo mwangamu,
ndimalitsokomola m'bandakucha uliwonse.
Tsono dokotala atati, basi Nolberto, usatsikenso,
ndinaseka nditamva za munda wosafuna dothi.
Ndinati, umenewo ndiye wanga.

Kuno ku Antofagasta mvula ndi mlendo
amene ana ena sanamuonepo nkhope.
Kumbuyo phiri louma gwa, kutsogolo nyanja yamchere,
pakati ife,
ndi madzi ogula, amene makina awalanda mchere.

Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo
ndimakhala m'kalasi, mawondo atagunda desiki.
Mayi Yasna Colque amajambula paipi pabolodi,
yopendekeka pang'ono chabe
kuti madzi aziyenda mwaulemu,
kunyambita mizu, osaimiza.
"Muzu umapuma," amatero. "Mukaumiza, mwaupha."
Pa nkhani ya kupumayi ine sindifunsa funso.

Ndaphunzira kuti madzi amawawasa mobisa,
kuti kachipangizo koviika m'thanki kamanena zoona
kuposa lilime langa.
Ndaphunzira kuti michere ya m'zigubu ziwiri zija
siyenera kukumana isanalowe m'madzi ambiri.
Ndinachita makani. Thanki yonse inayera mbuu,
ndipo letesi makumi anayi anagona pasanathe sabata.
Zinakondwa ndi nkhuku za a Ticona, oyandikana nafe.

Usiku tebulo lathu silikhalanso la chakudya.
Herminia, pensulo kukhutu, amayala malisiti.
Iye amawerengera, ine ndimatchula.
Mapaipi mazana atatu.
Ukonde wotchinga dzuwa.
Mapampu awiri, poti imodzi ikafa masana a Januwale
mizu siidikira kuti mmisiri amalize kudya.
Mbewu. Tizikho. Lendi ya malo ku La Chimba.
"Magetsi wawaiwala," akutero, osadzutsa mutu.
Ndawaiwaladi.
"Nanga ogula?"
Hotela ya kudoko yati mubwere tidzalawe.
Kantini ya kumgodi imadya letesi wochokera kutali,
wogona palole, wofika atafota ngati nsanza.
Ndikufuna anzanga aja, akatuluka pansi maso ali psuu,
adzatafune wanga, wothyoledwa m'mawa womwewo,
amve khrrr pakati pa mano.
"Kufuna si pangano losainidwa," akutero Herminia,
nawonjezera ziro wina.

Ndalama yopumira ntchito ikukwana theka.
Theka linalo lili kuseri kwa galasi kubanki,
m'manja mwa mnyamata wa tayi yofiira
amene anafunsa kuti munda wanu ndi mahekitala angati,
nthaka yake njotani.
Ndinati nthaka palibe, achimwene.
Munda wanga udzaima pa miyendo yachitsulo,
kutalika kwake m'chiuno mwanga,
kuti ndisamawerame.
Anakanda m'mutu ndi cholembera.
Fomu anandipatsabe.
Ili pansi pa chitini cha shuga, sabata yachitatu tsopano,
ndipo ili kale ndi banga la tiyi.

Koma kuseri kwa nyumba kuli paipi imodzi yoyesera,
mabowo khumi ndi awiri, oboola ndekha, ena okhota.
Nkhungu ikamakwera kuchokera kunyanja
chifuwa chimanditulutsa panja.
Ndimaima, ndimamvera kapampu kakung'ung'udza,
ndimanyamula kachikho kamodzi.
Mizu ndi iyo, yoyera, yaitali ngati ndevu,
ikudontha,
yosakhudzapo pansi chibadwire,
yosadziwa n'komwe kuti pansi pali chiyani.
Ine ndikudziwa. Sindiiuza.

Herminia watuluka ndi bulangete paphewa.
Akuwerenga ndi chala, mwa chizolowezi chake.
"Khumi ndi awiri," ndikumuthandiza.
Wazula wamkulu uja wa kumapeto, wamukutumula madzi.
"Khumi ndi mmodzi," akutero.
"Uyu ndikupita naye kubanki.
Katenge fomu ija, ndi nsapato zako zabwino."